Osunga nthawi ya setilaiti yoyeza utsi wa ku Vubwi

Mu Ogasiti ndi Seputembala, osaka mbewa akayatsa tchire ku Vubwi, Sinda ndi Katete, utsiwo umawerengedwa. Dzuwa likangopendeka, setilaiti ya Sentinel-5P imadutsa makilomita 824 m'mwamba, ndipo chipangizo chake cha TROPOMI chimayeza carbon monoxide wochokera ku lupsa ndi ku mauvuni a makala.

Oisungitsa nthawi ali ku Darmstadt, m'dziko la Germany, pa likulu la ESOC loyendetsera masetilaiti a ku Ulaya. Chiikwezereni pa 13 Okutobala 2017, ntchito yawo ndi yoti izidumpha equator nthawi ya 13:30 masana. Zina zonse, monga kulandira mauthenga ake ndi kuwerengera pomwe ili, n'zachizolowezi. Mutu umakula pa ola limeneli.

Chipangizo cha TROPOMI chimawerenga kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pansi, ndiye chimafuna dzuwa la pamutu. Komanso moto wa tchire umalusa masana. Setilaiti ikabwera m'mawa chaka chino, madzulo chaka chamawa, ndani angadziwe ngati a ku Vubwi achepetsa kutentha, kapena yangowapeza asanayatse?

Luso lake n'lochititsa kaso. Dziko n'lotupa pakati ngati dzungu. Njira ya setilaiti akaipendeketsa madigiri 98.7, kutupako kumaikhotetsa pafupifupi digiri imodzi patsiku, mofanana ndi mmene dziko likuzungulirira dzuwa, osawotcha mafuta. Anaiikanso mphindi zochepa kumbuyo kwa Suomi NPP ya ku America, kuti yapatsogoloyo iziona pomwe pali mitambo.

Komabe akatswiriwa amadandaula za mafuta. Amati kampweya kotsalira kumwambako kamaikoka pang'onopang'ono, choncho kuikweza n'kosapeweka. Ena amatchula zidutswa za masetilaiti akufa zofunika kuzizemba. Kumwambako kulibe kothirira ena, ndiye kuyatsa injini kulikonse kumadula masiku a setilaiti.

Mapeto ake akuoneka pa Terra ya NASA, yomwe inanyamuka mu Disembala 1999 ndi chipangizo cha ku Canada choyezanso carbon monoxide, MOPITT. Kwa zaka zoposa 20 inkadutsa 10:30 m'mawa. Mu 2020 analeka kukonza kapendekeke kake posunga mafuta otsala, ndipo yakhala ikulawirira chaka ndi chaka, moti zomwe yaona kuchokera pamenepo n'zovuta kuziyerekeza ndi za kale.