Matrola, mabwato ndi beseni la wogulitsa nsomba

M'bandakucha pa madooko a ku Mangochi monga Makawa, Msaka ndi Malembo, mchenga umakhala utadzaza kale ndi amayi ndi abambo a geni ya nsomba. Mabeseni ali m'manja, ndalama zili m'chikwama kapena pafoni, maso ali panyanja. Boti likangoonekera, onse amathamangira komweko. Nsomba zikachepa ogula n'kuchuluka, mtengo umakwera boti lisanakocheze n'komwe, ndipo kukwerako kumakafika mpaka pa mulu wa ku Limbe, ku Kawale kapena ku Mzuzu.

Amene akhalitsa pa geniyi amadziwa kuti katundu anasintha. Kale wamalonda wa mpamba wabwino ankabwerera kutauni ndi chambo chachikuluchikulu. Lero m'mabeseni mumadzaza usipa, utaka, ndunduma ndi chisawasawa. Usipa wokha umaposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno pachaka, pomwe chambo changotsala kagawo kakang'ono. M'chaka cha 2018, bungwe la IUCN, lomwe limaunika zamoyo zomwe zili pachiopsezo padziko lonse, lidalengeza kuti mitundu itatu mwa inayi ya chambo cha m'nyanja ya Malawi yatsala pang'ono kutheratu.

Funso loti wamaliza chambo ndani limautsa mkangano pa dooko lililonse. Asodzi a mabwato amaloza chala matrola, eni matrola amaloza a mabwato. Wogulitsa pamsika amaona ngati nkhaniyi si yake, chikhalirecho ndiye woyamba kumva kuwawa kwake m'thumba.

Matrola ndi malire awo

Matrola ndi maboti a injini zamphamvu omwe amakoka khoka lalikulu looneka ngati thumba. Ena amayenda awiriawiri, lililonse litagwira chingwe cha mbali yake, ena ndi aakulu moti limodzi limakoka lokha. Usodzi wotere udayamba m'chaka cha 1968 kummwera kwa nyanjayi, m'dera la Mangochi, ndipo mpaka pano matrola ambiri ali kummwera komweko. Kampani yodziwika kwambiri pa usodzi waukulu ndi Maldeco, koma palinso anthu ena omwe ali ndi matrola awoawo.

Kwa wamalonda, matrola ali ndi ubwino wake. Amafika pa madzi akuya pomwe bwato lopalasa silingafike, ndipo ndiwo amabweretsa ndunduma ndi chisawasawa chambiri, ndiwo zomwe mabanja a ndalama zochepa amakwanitsa. Ngakhale mwezi ukuwala, pomwe usipa umavuta chifukwa sukopeka ndi nyali za asodzi, trola imabwerabe ndi katundu.

Komabe malamulo a usodzi, omwe tsinde lake ndi lamulo la mu 1997 loteteza ndi kusamalira nsomba, adaikira matrola malire. Saloledwa kukoka pa madzi osafika mamita 18 kuya kwake kapena pafupi ndi gombe, pa mtunda wosakwana makilomita awiri. Maso a kuthumba kwa khoka asachepere mamilimita 38, ndipo trola iliyonse imapatsidwa chiphaso cha dera lomwe iyenera kugwiramo ntchito.

Dandaulo la asodzi ang'onoang'ono n'lakuti matrola ena salemekeza malirewa. Amati amayandikira kumtunda m'mawa kwambiri kapena kukada, n'kudula matchera ndi zingwe za mbedza zomwe munthu watchera usiku. Msodzi wotaya ukonde motere amakhala masabata asanalowenso m'madzi, ndipo mayi yemwe adamukongoza ndalama ya petulo kuti azimugulitsa nsomba poyamba amatayira limodzi.

Eni matrola nawo ali ndi yankho. Amati iwo ndi ochepa, amalipira ziphaso ndipo n'zosavuta kuwalondola, pomwe asodzi ang'onoang'ono alipo zikwizikwi ndipo ndiwo amagwira nsomba zoposa magawo 90 pa 100 aliwonse. Amatchulanso makoka osokerera neti ya udzudzu, kandwindwi ndi maukonde a twaini woonekera, zomwe ndi zoletsedwa koma zimapezekabe m'madooko ambiri. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona, ndipo zonse zikukumana pa malo amodzi: madzi osaya.

Chifukwa chake madzi osaya ndi ofunika

Chambo sichiswana chisawawa. Chachimuna chimakonza chisa pa mchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo chimapita kukalavula ana m'malo osaya, m'bango ndi m'mauzu a m'mbali mwa nyanja. Kuti mwana wa chambo akule n'kuyamba kuswana payenera kupita zaka pafupifupi zitatu.

Khoka la trola likadutsa pa zisa limazifafaniza. Chambo chonyamula ana chikakodwa chimawalavula asanakhwime, kotero nsomba imodzi yogulitsidwa imapita ndi ana mazana. Neti ya udzudzu ikakokedwa m'bango imasesa kasawala yense. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja kuyambira pa 1 Novembala, nthawi yomwe chambo chimaswana kwambiri. Masiku otsegulira amasiyana malinga ndi chida chomwe munthu amaphera nsomba, ndipo nthambi ya usodzi imawalengeza chaka ndi chaka.

Malombe ndi Mbenji

Amene akufuna kuona mapeto a kusesa nyanja apite ku Malombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyanja yaing'onoyi inkatulutsa chambo matani zikwizikwi pachaka. Pofika m'ma 1990 chidatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe. Ku Malombe kunalibe matrola: adamaliza chambo ndi makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha, zomwe zidazulanso udzu wa pansi pa madzi pomwe ana a nsomba ankabisala. M'malo mwa chambo mudatsala kambuzi, kansomba kakang'ono kotsika mtengo. M'chaka cha 1993 boma lidayambitsa kumeneko makomiti a m'madooko, omwe amadziwika kuti ma BVC, kuti asodzi azitenga nawo mbali posamala nsomba, koma mpaka lero chambo sichidabwerere monga kale.

Ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima nkhani ndi ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi pa chilumbachi kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. Nthawi imeneyi aliyense amachokapo. Pa tsiku lotsegulira pamachitika mwambo, ndipo msodzi wophwanya malamulo a pa chilumbachi amathamangitsidwa. Zotsatira zake amazidziwa bwino amalonda omwe amakadikirira pa dooko la Chikombe: utaka wa ku Mbenji umatchuka ndi kukula komanso kunona, ndipo sukhalitsa pamsika. Ku Nkhata Bay nako, bungwe la Ripple Africa lakhala likugwira ntchito ndi makomiti a m'midzi kuteteza malo oswanira chambo ndi kulanda maukonde oletsedwa.

Kusiyana kwa Malombe ndi Mbenji sikuli pa kukula kwa maboti. Kuli pa kupatsa nsomba nthawi yoswana ndi yokula.

Mbali ya wogula pa dooko

Msodzi sakoka neti ya udzudzu m'bango kuti akataye zomwe wagwira. Amakoka chifukwa akudziwa kuti kumtunda kuli wina wonyamula beseni ndi ndalama. Ambiri a geni amadzikhululukira ndi mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno: akasiya kasawala lero, wina amugula. Koma masamu ake sayenda. Tinsomba 100 ta kasawala timangokwana milu ingapo ya mtengo wa bonya. Theka lokha la tinsombati litasiyidwa kuti likule, lingakhale madazeni anayi a chambo chomwe malesitilanti ndi mahotela amachita kulimbirana. Kugula kasawala n'kudya mpamba wa chaka cha mawa.

Palinso chiopsezo cha lero lomwe. Lamulo limapatsa alangizi ndi oyendera za usodzi mphamvu zolanda zida zoletsedwa pamodzi ndi nsomba zogwidwa mophwanya malamulo. Wamalonda wolandidwa katundu pa dooko kapena panjira sabwezeredwa ndi msodzi yemwe adamugulitsa.

Zoyenera kuchita

Choyamba ndi muyeso. Chambo chosafika masentimita 15 n'choletsedwa, chimodzimodzi mpasa wosafika masentimita 30. Rula ya ana asukulu ndi ya masentimita 30: yonse ndi muyeso wa mpasa, theka lake ndi wa chambo. Wamalonda atha kudinda chizindikiro m'mphepete mwa beseni kuti asamakangane ndi alovi pogula.

Chachiwiri ndi kukonzekera nyengo yotseka. Novembala sabwera modzidzimutsa. Amene ali ndi kampamba agule usipa wouma bwino mvula isanayambe, ausunge pouma ndi podutsa mphepo, pamwamba osati pansi, ndipo aziuyang'ana pafupipafupi kuopa tizilombo. Nthawi ya mvula usipa wa pathandala umaola usanaume, choncho wofutsa, wowamba kapena woumitsidwa m'matenti oyendera dzuwa, komwe alipo, ndiwo umasunga mpamba.

Chachitatu ndi kusadalira mtundu umodzi. Nyanja ikatsekedwa makasitomala sasiya kudya nsomba. Pali nsomba zoweta za m'makola a panyanja ndi za m'madamu, monga makumba ndi chilunguni, palinso karapao wa m'mafiriji. Wogulitsa auze kasitomala chilungamo cha komwe nsomba yachokera. Kugulitsa makumba m'dzina la chambo cha m'nyanja kumabweretsa phindu la tsiku limodzi n'kuthamangitsa kasitomala wa chaka chonse.

Chachinayi ndi kuyang'anitsitsa nsomba za trola. Zimapanikizana m'thumba la khoka kwa nthawi yaitali, choncho zina zimafika zitafewa kapena kuphulika mimba. Wogula aone maso ngati akuwala, atsegule makha ngati ali ofiira, adinde mnofu ndi chala. Zofewa n'zoyenera kuwamba kapena kukazinga tsiku lomwelo, osati kukwera nazo basi popanda ayisi.

Chachisanu ndi kulowa m'komiti. Ma BVC si a asodzi okha, ogula ndi okonza nsomba nawo ali ndi malo. Trola ikaoneka ikukoka pafupi ndi gombe, dandaulo lomveka ndi lomwe lili ndi tsiku, nthawi, malo ndi dzina kapena nambala ya boti, ndipo foni yomwe wamalonda amalandirira ndalama itha kujambulanso chithunzi. Gulu la amalonda a pa dooko limodzi likagwirizana kuti silidzagulanso kasawala, mwini neti ya udzudzu amasowa kokagulitsa.

Mwini trola nsomba zikatha atha kugulitsa boti n'kukayamba bizinesi ina. Msodzi wa bwato atha kusamukira dooko lina, monga adachitira ambiri a ku Malombe. Mayi wa benchi ya nsomba ku Ndirande, yemwe fizi ya ana ndi lendi zimachokera m'beseni, sangasamuke ndi makasitomala ake. Iye ndiye ali ndi chifukwa chachikulu kuposa onse chofunsira, asanatulutse ndalama, kuti nsombazo zagwidwa kuti komanso ndi ukonde wanji.