Mapiri ali pakhomo, koma a ku Madisi maso ali kunyanja

Mukafunsa mwana wasukulu pa Madisi kuti ulendo wokasangalala umalowera kuti, yankho lake n'lodziwikiratu: kunyanja, ku Senga Bay. Akwaya, amayi a banki m'khonde ngakhalenso anyamata a mpira amasonkha ndalama kwa miyezi, n'kubwereka minibasi, kulawira tambala asanalire, n'kukafika ku Salima dzuwa litakwera kale. Ulendowu ndi wabwino, palibe angatsutse. Vuto lake n'loti umachitika kamodzi pachaka, penanso sumachitika n'komwe, chifukwa mafuta akakwera mtengo zosonkha zija zimaperewera ndipo aliyense amangotenga zake.

Chonsecho Madisi adakhala pamalo pabwino zedi. Ali pa msewu wa M1, pakati pa Mponela ndi Kasungu, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Lilongwe. Galimoto siziduka pamsewuwu. Munthu akhoza kudzuka Loweruka m'mawa, kumanga kamba wa mbatata yootcha ndi mtedza, kuthira thobwa m'chigubu, n'kukaona malo amene alendo ochokera ku Ulaya amalipirira ndege, kenaka n'kubwerako nkhuku zisanalowe m'khola. Safunika komiti, safunika msungichuma.

Malo oyamba, amenenso ndi oyenera kuwaika patsogolo pa onse, ndi nkhalango ya Ntchisi. Njira yake ndi yobwerera pa Mponela, n'kukhotera kum'mawa pa msewu watala wopita ku boma la Ntchisi. Kuchoka pa boma mpaka m'mphepete mwa nkhalango msewu ndi wafumbi, wokwera ndi kutsika m'zitunda, ndipo apa ndi pamene anyamata a kabaza wa njinga zamoto amagwira ntchito. Nthawi ya dzinja msewuwu umaterera, choncho wofuna kupita mosavutika asankhe miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, pamenenso ntchito ya kumunda yachepa ndipo kandalama ka fodya, soya kapena mtedza kalowako m'thumba.

Munthu amene adakulira m'chigwa cha Madisi, kumene mitengo yambiri idathera ku zigafa za fodya ndi nkhuni, amadabwa akangolowa m'nkhalangoyi. M'munsi mwa phiri muli mitengo yodziwika ya mombo, tsamba ndi masuku. Koma mukamakwera, zinthu zimasintha mwadzidzidzi. Mitengo imatalika mpaka dzuwa kulephera kufika pansi, zilambe zimalendewera paliponse, mikuyu ndi akachere adakulunga mitengo inzake, ndipo pansi pamakhala pachinyontho ngakhale mu Seputembala pamene kumudzi fumbi lili koboo. Kumamveka madzi a timitsinje, kulira kwa mbalame zosaoneka m'chigwa, ndi phokoso la anchima akudumpha m'nthambi. Nkhalango zobiriwira chaka chonse ngati imeneyi zidatsala zowerengeka m'chigawo chapakati.

Akuluakulu a m'deralo amanena kuti nkhalangoyi idapulumuka chifukwa nayo idapulumutsa anthu. M'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za Angoni zinkasakaza midzi, Achewa ankathawira m'phirimo kukabisala, ndiye sankalola kuti mitengo yowabisa idulidwe. Boma la atsamunda lidadzaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa pambuyo pake. M'mphepete mwake muli nyumba yakale imene idamangidwa mu 1914 kuti azikhalamo bwanamkubwa wa boma, ndipo lero ndi malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge. Kukacha bwino, munthu ataima pamtunda umenewo amaona nyanja ya Malawi ikunyezimira kum'mawa. Nyanja yomwe ija timaisonkhera miyezi isanu, apa imaoneka ndi maso.

Langizo langa n'lakuti musalowemo nokha. Tinjira ta m'nkhalango timafanana, ndipo nkhungu ikatsika, makamaka mu Juni ndi Julayi, kusochera sikuchedwa. Pezani munthu wa m'midzi yozungulira wodziwa njira kuti akutsogolereni, ndipo mumlipire mosanyinyirika. Ndalama imeneyo ili ndi ntchito yaikulu kuposa mmene imaonekera. Nkhalango ya Ntchisi nayo ikuvutika ndi odula matabwa, ootcha makala ndi moto wolusa. Mnyamata amene wapeza cholowa chifukwa choperekeza alendo amayamba kuuona mtengo woimirira ngati chuma, ndipo sangalole mnzake kubwera ndi nkhwangwa. Tikamasiyira azungu okha kukaona nkhalangoyi, anthu ozungulira amayamba kuganiza kuti ndi ya azunguwo.

Kum'mwera chakum'mawa kuli ulendo wa mtundu wina. Pafupi ndi boma la Dowa pali Dzaleka, malo amene dzina lake lokha linkachititsa anthu nthumanzi m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, chifukwa inali ndende yotsekerako anthu pa zifukwa za ndale. Mu 1994 boma, mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, lidasandutsa malowa kukhala msasa wa anthu othawa nkhondo. Adaukonzera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Umenewu si malo okaonerera mavuto a anzathu, ndipo wopitako ndi mtima wotero ndi bwino akhale. Koma chaka chilichonse, chilimwe chikafika pachimake, ku Dzaleka kumachitika chikondwerero cha Tumaini, chimene adachiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika ndi dzina loti Menes la Plume. Kulowa n'kwaulere. Kumakhala oimba a m'Malawi muno ndi akunja, ng'oma za ku Burundi, zisudzo, ndakatulo, ndi zakudya monga chapati zimene ambiri a ife timangozimva. Anthu amachokera ku Blantyre ndi ku Mzuzu kudzaonera. N'zomvetsa chisoni kuti wa ku Madisi, amene ndi wa boma lomwelo la Dowa, amangozimvera pa wailesi.

Mukafika ku Dowa musabwerere musanaone phiri la Kongwe. M'tsinde mwa phirili amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula siteshoni mu 1894 motsogozedwa ndi m'busa Robert Blake, amene dzina lake lidatsalira pa sukulu ya sekondale ya anyamata yomwe yaphunzitsa anthu ambiri otchuka m'dziko muno. Mayi wake wa mishoni zonse za mpingowu ndi Mvera, m'dera la Inkosi Chiwere chakunjira ya ku Salima, kumene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga msasa mu Novembala 1889. Sinodi ya Nkhoma idaphukira pamenepo. Mvera ndi wotalikirako, wofunika kulawira, koma kwa amayi a Chigwirizano kapena achinyamata a mpingo, kukaima pamene mpingo wawo udayambira ndi phunziro loposa maulaliki angapo.

Kumpoto nako kuli zake. Mtsinje wa Bua, umene ndi malire a Dowa ndi Kasungu, uli pafupi moti wa njinga yakapalasa akhoza kupita m'mawa n'kubwerera masana. Madzi amenewo ndi omwe amakadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks lidasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo ndi momwenso nsomba za mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kudzaswana. Opitirira mpaka ku Kasungu angathe kukhotera ku Mtunthama kukaona Kamuzu Academy, imene idatsegulidwa mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene Kamuzu adaphunzirirapo ali mwana. Chakomweko, ku Wimbe, ndi kwawo kwa William Kamkwamba, amene adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola. Nkhani yake idafika mpaka pa Netflix mu 2019, koma ana ambiri a m'maboma oyandikana nawo sadziwa kuti zidachitikira pafupi chonchi.

Wina anena kuti zonsezi zikufuna ndalama, ndipo nthawi zino ndalama yavuta. N'zoona. Koma ulendo wa tsiku limodzi ulibe zolipira malo ogona, chakudya ndi chomwe chija mukadadya pakhomo, ndipo anthu anayi kapena asanu akaphatikiza za thiransipoti katundu amapepuka. Komanso si ulendo uliwonse wofuna galimoto. Kaphiri kamene mumakaona tsiku ndi tsiku mukamapita kudimba, mudakakwerapo? Kuchokera pamwamba, mudzi wanu womwe umaoneka wachilendo: madambo, minda, mizere ya mitengo ya bulugamu, ndi zipsera za malo amene kale kunali nkhalango. Ingokumbukirani kuti kuno n'kwa eni gule. Musanalowe m'tchire kapena kukwera phiri la m'dera la eni, yambani mwaonekera kwa anyakwawa, chifukwa malo ena ndi manda, ena ndi dambwe, ndipo mlendo salowako mwachisawawa.

Chimene chimatilepheretsa kwenikweni ndi mawa. Tidzapita tikakolola, tidzapita ana akatsekera, tidzapita zinthu zikadzayenda. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Zaka zikupita, mitengo ikugwa, ndipo ana akukula akudziwa mayina a mapiri a m'mabuku koma osapondapo phiri la kwawo.

Aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi inu makolo a ku Madisi, chilimwe chino musadikire zosonkha za kunyanja. Sankhani Loweruka limodzi mvula isanagwe, mutenge ana, mukawaonetse nkhalango ya Ntchisi.