Nyimbo ikome pakhomo: zimene Physics imanena za sipika, chipinda ndi makutu anu

Chileka ndi kwawo kwa nyimbo. Daniel ndi Donald Kachamba, Robert Fumulani, Evison Matafale, Anthony Makondetsa ndi Black Missionaries, onsewa ndi a konkuno. Koma ndikamadutsa pamsika wa Lirangwe kapena m'midzi ya ku Chileka, ndimamva nyimbo zawozo zikutuluka m'masipika ngati munthu akukazinga chimanga. Ambiri timaganiza kuti mankhwala ake n'kukweza voliyumu kapena kugula sabuwufa yaikulu. Ine ndikuti ayi, yambani ndi Physics, yomwe siifuna ndalama.

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Sipika ikamayenda kutsogolo ndi kumbuyo imakankha mpweya, ndipo mafunde ake amathamanga pafupifupi mamita 340 pa sekondi mpaka kufika m'khutu. Kuchuluka kwa kunjenjemerako pa sekondi timakuyeza mu hertz (Hz). Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Tengani cholembera tiwerengere limodzi: kutalika kwa funde n'chimodzimodzi liwiro kugawa ndi ma Hz. Mawu aang'ono a 5,000 Hz ali ndi funde la masentimita 7 okha. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya besi ili pa 41 Hz, ndiye funde lake ndi mamita 8, kutalika kuposa chipinda chanu!

Apa ndiye pali vuto la foni. Kuti besi imveke pamafunika kukankha mpweya wambiri, koma kasipika ka foni n'kochepa ngati chikhadabo. Mukamvera Kuimba 1 pa kasipika kameneka, besi imene imanyamula reggae yonseyo simuimva n'komwe. Ngakhale mahedifoni otchipa amachita bwino, chifukwa mpweya woti aukankhe ndi wa m'khutu mokha.

Chachiwiri ndi chipinda. Mafunde akagunda chinthu cholimba amabwerera. Nyumba zathu zambiri n'za simenti pansi, makoma a njerwa, malata pamwamba popanda siling'i. Mawu amangodumphadumpha, obwerera aja n'kusakanikirana ndi atsopano, mpaka osamva zimene woimba akunena. Zinthu zofewa zimameza mafundewa. Yalani mkeka, tsekani makatani, mverani m'chipinda chomwe muli matilesi kapena mipando ya nsalu. Yesani izi: ombani m'manja kamodzi m'kalasi mopanda anthu, kenako m'chipinda chogona. Kusiyanako mukumva nokha.

Malo oika sipika nawonso ndi nkhani. Mafunde aatali a besi amafalikira mbali zonse, choncho sipika ikakhala pakona makoma awiri amaibweza ndipo besi imakula. Kawailesi kakang'ono kamapindula pakona, koma sabuwufa yaikulu imangoti guu guu, kuphimba zina zonse, ndiye isendezeni pang'ono. Mawu aang'ono amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndiye masipika ang'onoang'ono aja akhale pamwamba, molingana ndi makutu anu, osati pansi pa tebulo. Ngati alipo awiri, atalikitseni, inu n'kukhala pakati, mtunda wofanana kuchokera kwa onse. Mudzadabwa kumva gitala kumanzere, kiyibodi kumanja, woimba pakati.

Chachitatu ndi fayilo. Tikapita kukabenetsa nyimbo timafuna zambiri mu memori khadi yaing'ono. Koma MP3 imachepetsa fayilo potaya mbali zina za mawu. CD imanyamula 1,411 kbps, pamene MP3 wamba imanyamula 128 kbps, yabwino kwambiri 320 kbps. Nyimbo ya mphindi 4 imakhala pafupifupi 4 MB pa 128 kbps, ndi 10 MB pa 320 kbps. Mukaona ya 1 MB, dziwani kuti yafinyidwa zedi, ndipo zimene zinatayidwazo palibe sipika ingazibweze.

Tsopano voliyumu. Ampulifaya iliyonse ili ndi malire. Mukaipyoletsa, nsonga za mafunde zimadulidwa, n'chifukwa chake mawu amasasa. Batire ya sola ikafooka, malirewo amafika msanga. Mukamva kusasa, tsitsani, apo ayi muotcha sipika.

Koma sipika mungagule ina. Makutu sagulitsa pa Lirangwe, ngakhale ku Limbe. M'kati mwa khutu, m'kachiwalo kooneka ngati nkhono kotchedwa cochlea, muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatipha, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Mukawonjezera madesibelo atatu okha, mphamvu ya mawu imawirikiza kawiri, ndiye nthawi yabwinobwino imatsika ndi theka. Mukavala mahedifoni musapyole 60 peresenti ya voliyumu. Ngati mnzanu ali pafupi ndipo mukuchita kukuwa kuti mumvane, mwakweza kwambiri. Makutu akamalira kuti nziii mutachoka pa dansi, akukuchenjezani.

Ntchito ya sabata ino nayi. Sankhani nyimbo imodzi ya Daniel Kachamba, ikani foni pambali, muimvere katatu pa voliyumu yapakati. Koyamba tsatirani nsambo zotsika za gitala, kachiwiri zokwera, kachitatu mawu ake. Kenako sunthani sipika, yalani mkeka, mumverenso, ndipo lembani m'kope zimene zasintha. Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, monga timachitira mu labu, kuti mudziwe chimene chathandizadi.