Kompyuta Yakale ya Pakhomo

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku boma la Mangochi kufikira ku Monkey Bay ndi ku Makanjira, muli mabanja ena amene ali ndi kompyuta m'nyumba. Ambiri a makompyuta amenewa sanafike ali atsopano. Ina inadza ndi mbale wochokera ku Joni, pakuti amuna ambiri a dera lino amapita kukagwira ntchito ku South Africa; ina inagulidwa ku Limbe itatumikira kale mu ofesi ya dziko lakutali. Ikakhala pakhomo zaka zingapo iyamba ulesi, kotero kuti munthu akaiyatsa akhoza kupita kukatunga madzi ndi kubwerako isanadzuke. Pamenepo eni ake amati, "Yakalamba, yatha ntchito," naikankhira kunsi kwa kama. Koma kawirikawiri amaiweruza msanga.

Mwana aliyense wa kunyanja adziwa chilimira. Pali bwato, pali nkhafi, pali ukonde ndi nyali, ndipo zonsezi munthu akhoza kuzigwira ndi manja. Koma zida zokha sizipha usipa. Pafunika siginala, amene aitana nsomba ndi nyali zake, nauza anzake nthawi yoponya ukonde ndi nthawi yokoka. Kompyuta nayonso ili chomwecho. Ili ndi zida zooneka ndi maso: sikirini, kiyibodi, purosesa imene iwerengera zonse, hadi disiki imene ili ngati nkhokwe yosungiramo zinthu, ndi RAM imene ili ngati mphasa yoyalapo ntchito ya nthawi yomweyo. Ndipo ili ndi pulogalamu imodzi yaikulu, yosagwirika ndi manja, imene ilamulira zida zonsezi ndi kugawira mapulogalamu ena malo ndi nthawi. Dzina lake pa Chingerezi ndi operating system, koma m'phunziro lino itchedwa kapitao wa kompyuta. Bwato likhoza kukhala lolimba ndithu, kapitao wake atatopa. Zikatero munthu wanzeru sawaza bwato nkhuni. Afuna kapitao wina.

Kapitao wodziwika kopambana ndiye Windows, wopangidwa ndi kampani ya Microsoft ya ku America. Pulogalamu yaikulu chotere siilephera kukhala ndi timing'alu, ndipo akuba a pa intaneti amafunafuna timing'aluto usana ndi usiku kuti alowetsepo mavairasi. Chifukwa chake eni ake amatumiza zigamba mwezi ndi mwezi, monga asodzi asoka ukonde m'mawa uliwonse. Koma sachita zimenezi mpaka kalekale ayi. Windows XP anasiyidwa mu 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 anafika pa mapeto ake pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa iwo amene analembetsa kuti awonjezeredwe nthawi pang'ono. Kompyuta yosalandira zigamba iyakabe, ilembabe makalata, koma ikalowa pa intaneti ili ngati nyumba yogona chitseko chili pululu. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inalowa m'makompyuta osaikidwa zigamba m'maiko oposa 150, nitsekera anthu zolemba zawo ndi kufuna dipo la ndalama. Ngakhale zipatala za ku England zinabweza odwala masiku amenewo.

Wina adzafunsa kuti, bwanji osangoikamo Windows 11, amene anatuluka mu 2021? Yankho ndi lakuti iye asankha bwato. Afuna RAM ya 4 GB, malo a 64 GB m'nkhokwe, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa ya zaka za posachedwa. Makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2017 awakana, angakhale alibe chilema chilichonse. Ndipo ambiri a m'midzi ya kuno ndi a msinkhu umenewo.

Koma alipo kapitao wina wosasankha chotero, dzina lake Linux. Anamuyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki m'dziko lozizira la Finland, ndipo anamupereka kwa anthu onse kuti amutenge, amukonze ndi kugawana popanda malipiro. Anthu zikwizikwi a mitundu yosiyanasiyana athandizapo pa ntchitoyi, kotero kuti Linux ali ndi mabanja ambiri. Banja lina linayambidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, nalitcha Ubuntu, mawu amene m'chinenero chino ndiwo umunthu. Kuchokera mwa Ubuntu munatuluka Linux Mint, amene maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi a Windows, ndipo akhoza kugwira ntchito ndi RAM ya 2 GB ndi malo a 20 GB, ngakhale kuti 4 GB ndiyo imupatsa mpata wabwino. Mtundu wake wotchedwa Xfce ndiwo wopepuka, woyenera makina okalamba.

Tsono ntchito yosintha kapitao ili ndi dongosolo lake, ndipo choyamba ndicho chachikulu koposa zonse. Kapitao watsopano polowa akhoza kusesa nkhokwe yonse, osasiya kanthu. Tiyerekeze banja lina la kufupi ndi Malindi. M'kompyuta yawo muli zithunzi za ukwati wa mwana wawo woyamba, zithunzi za agogo amene anamwalira, kalata ya malo, ndi kaundula wa amayi wa anthu amene anatenga nsomba pa ngongole. Mtsikana wa pakhomopo, wa mu Sitandade 8, ali ndi changu, ndipo anena kwa amalume ake amene adziwa za makina, "Amalume, tiyeni tiyambe tsopano, dzuwa lisanalowe." Koma iwo ayankha, "Iwe mphwanga, dekha. Kodi zithunzi za agogo ako zili kwina, kapena muno mokha?" Mtsikanayo akhala chete, pakuti zili momwemo mokha. Pulogalamu ikatayika, ina ipezeka. Koma agogo sadzaimanso kutsogolo kwa kamera.

Chifukwa chake tsiku loyamba lonse lipite pa kusamutsa katundu. Zonse za mtengo wake zikoperedwe m'flashi yaikulu kapena m'disiki ina, ndipo zimene zili zosabwezeka zisungidwe pawiri, pakuti flashi nayo itayika, inyowa, ndipo ifa. Aliyense wa pakhomo afunsidwe kumene anaika zake, popeza ana amabisa zinthu m'makona amene akulu sawadziwa. Atatha kukopera, munthu atsegule zina mwa zokoperedwazo pa kompyuta ya mnansi, aone ndi maso ake kuti zilimodi. Ambiri analira chifukwa chokhulupirira flashi imene munali maina okha opanda zithunzi. Mawu achinsinsi olowera ku imelo ndi kwina alembedwe m'kope, pakuti kompyuta yakale inali kuwakumbukira, ndipo eni ake anaiwala kalekale.

Pambuyo pake pafunika flashi ina ya 8 GB yopanda kanthu, yonyamulira kapitao watsopano. Linux Mint atengedwa pa intaneti, pa tsamba la eni ake, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi 3 GB. Imeneyo ndi bandulo yaikulu kwa banja la kumudzi. Koma popeza Linux aloledwa kugawana, amene anamutenga kale akhoza kupatsa mudzi wonse, ndipo palibe wakuba pamenepo. Kungomuponya m'flashi monga aponyera nyimbo sikuthandiza. Alembedwemo ndi kapulogalamu kapadera, monga Rufus kapena balenaEtcher, kamene kachititsa kuti kompyuta ithe kudzukira pa flashiyo.

Flashi ilowetsedwe kompyuta ili yozima. Poiyatsa, munthu adine msanga batani losankhira podzukira, chizindikiro cha kampani chisanachoke pa sikirini. Pa makina ambiri a Dell ndi Lenovo batanilo ndi F12, pa HP ndi F9. Wochedwa azimitse ndi kuyesanso, palibe chionongeka.

Apa pali chinthu chokoma. Linux adzuka kuchokera m'flashi osakhudza nkhokwe, monga mlendo amene ayamba wakhala pakhonde asanapatsidwe chipinda. Imeneyi ndi nthawi yomuyesa. Kodi mawu amveka? Kodi intaneti ilumikizika? Kodi mabatani onse alemba, ndipo purinta, ngati ilipo, imumvera? Adzaoneka wochedwerapo chifukwa flashi siithamanga ngati disiki, ndipo chimenecho chisadetse nkhawa. Ngati china chachikulu chikana, flashi izulidwe, ndipo kompyuta idzabwerera monga inalili. Banja lifunsanenso ngati pali pulogalamu ina imene atate kapena amayi sangagwire ntchito popanda iyo, pakuti mapulogalamu opangidwira Windows ambiri sayenda pa Linux. Microsoft Word mulibe. M'malo mwake muli LibreOffice, imene itsegula makalata a Word, ngakhale kuti nthawi zina mizere isuntha pang'ono.

Onse akavomera, ntchito yeniyeni iyambe, koma ayambe aganiza za magetsi. Madzi a nyanja ino atuluka mu Shire pa Mangochi pomwepa, nakazunguza makina a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Komabe aliyense adziwa kuti magetsi amathima osatsazika. Akathima ntchito ili pakati, kapitao wakale wachoka ndipo watsopano sanakhazikike, ndipo zonse ziyambidwanso. Laputopu ikhale yodzaza moto ndi yolumikizidwa ku magetsi kapena ku batire ya sola.

Kompyuta idzafunsa mafunso pang'ono. Idzafunsa chinenero ndi mtundu wa kiyibodi. Idzaonetsa mapu a dziko lonse kuti idziwe nthawi, ndipo pamenepo asankhe Blantyre. Idzafunsa dzina ndi mawu achinsinsi, amene adzafunika nthawi zonse poika pulogalamu yatsopano. Amenewa awasunge munthu wamkulu. Koma funso limodzi ndilo loopsa: kodi disiki yonse ifafanizidwe, kapena Linux akhale pambali pa Windows? Kukhalira limodzi kutheka ngati nkhokwe ili yaikulu, ndipo poyatsa munthu asankha amene amfuna. Pa makina akale a nkhokwe yaing'ono nkwabwino kufafaniza. Amalume aja, chala chili pa batani, afunsanso kachiwiri, "Mphwanga, zithunzi zija unaziona ndi maso ako?" Mtsikanayo ati, "Inde amalume, ndinazitsegula kwa aphunzitsi." Pamenepo ndipo adina. Patapita monga theka la ora kompyuta ipempha kuti flashi ichotsedwe, nidzuka yokha ndi nkhope yatsopano. Katundu wosamutsidwa uja abwezedwe m'malo mwake, koma m'flashi asafafanizidwe.

Masiku oyamba pakhomo pamakhala kung'ung'udza, chifukwa zinthu sizili pamene zinali. Ana ndiwo azolowera msanga, naphunzitsa akulu.

Kapitao watsopano sachiza matenda onse. Ngati hadi disiki ilira kuti kwe kwe kwe, ili pafupi kufa, ndipo iyenera kusinthidwa. Kuikamo ya mtundu wa SSD, imene ilibe kanthu kozungulira m'kati, kufulumizitsa makina akale koposa mankhwala ena onse. Batire yakufa ikhalabe yakufa. Ndipo kutentha kwa kunyanja m'mwezi wa Okutobala, pamodzi ndi fumbi ndi mchenga, kutseka timabowo totulukira mpweya, kotero kuti kompyuta ipsa mtima nizima yokha. Isaikidwe pa bulangete kapena pa matiresi, koma pa tebulo kapena pa thabwa, ndipo timabowoto tipukutidwe ndi kaburashi kouma.

Linux nayenso afuna zigamba zake. Pansi pa sikirini ya Linux Mint pali kachizindikiro konga chishango, kamene kadziwitsa kuti zafika, ndipo nkoyenera kuzilandira kamodzi pa mwezi, bandulo ikapezeka. Iyenso ali ndi zaka zake zowerengeka: Linux Mint 22, amene anatuluka mu 2024, adzalandira zigamba kufikira 2029. Chaka chimenecho chikayandikira, flashi ya 8 GB ija idzafunikanso. Tsono isungidwe m'kabotolo kotseka bwino, kutali ndi chinyezi ndi ana aang'ono.