Amisiri Osaka Litsiro Losaoneka pa Zipangizo za Ndege

M'mafakitale opanga ndege ndi zombo za m'mlengalenga muli amisiri amene ntchito yawo ndi kusaka litsiro losaoneka ndi maso. Zigawo zambiri za ndege zamakono zimamatidwa ndi guluu, makamaka za pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa kaboni, imene ndi pafupifupi theka la kulemera kwa Boeing 787. Guluuyo sagwira pamene pali mafuta, ngakhale a chala cha munthu.

Mdani wamkulu ndi silikoni, amene amapakidwa m'zikombole kuti chigawo chisakakamire pochichotsa. Akatsalira, mbali ziwiri zimakhudzana bwinobwino koma osagwirana, ndipo makina a ultrasound, odziwa kupeza ming'alu, kawirikawiri amangodutsa osazindikira kanthu. N'chifukwa chake kuyeza kumachitika asanamate.

Njira yakale ndi kuthira madzi: akayalana, pamalopo ndi poyera, akaundana timadontho, pali mafuta. Imathandizabe, koma siitchula dzina la litsirolo. Chida cha FTIR ndicho chimatchula. Chimaponya kuwala kwa infrared, kumene William Herschel anatulukira mu 1800, ndipo mankhwala aliwonse amameza gawo lakelake la kuwalako. Pa kompyuta pamatuluka mzere wokwera ndi kutsika. Nsonga ya pa 1260 cm⁻¹ ndi ina ya pa 800 zimaulula silikoni. Ya cha m'ma 2900 imasonyeza oyilo kapena girisi.

Luso lagona pa kuwerenga mzerewo. Aluminiyamu amabweza kuwala bwino, koma kaboni wakuda amameza kochuluka, moti nsonga imatuluka yofooka, yosavuta kuiphonya. Apa m'pamene wozolowera amasiyana ndi wophunzira kumene.

Kale ankapukuta pamalopo ndi kansalu n'kukatumiza ku labotale. Zida zonyamula m'manja, monga Exoscan ya A2 Technologies, kampani imene Agilent inagula mu 2011, zinabweretsa ntchitoyi pansi pa phiko penipeni.

Ena mwa antchitowa ndi akatswiri a kemisitiri. Ena ndi amisiri oyeza zipangizo popanda kuziwononga, amene ziphaso zawo zimatsata malamulo a NAS 410 ku America ndi EN 4179 ku Ulaya. Akapeza litsiro amaimitsa kumata, kulamula kuti patsukidwenso, kenako n'kulondola kumene lachokera: chikombole, magolovesi, mafuta a Skydrol a m'mapaipi a ndege, kapena mafuta odzola m'manja, amene amaletsedwa m'zipinda zomatira zambiri.