Ndalama za ku Koleji: Kumene Zicokera ndi Cimene Zifuna kwa Ife

Nkhani yathu lero ndi ya ndalama zolipirira mwana ku koleji kapena ku yunivesite. Tidzaikamba poyang'ana mudzi umodzi, wa Dzivarasekwa, umene uli kumadzulo kwa mzinda wa Harare, pakuti bvuto la makolo a kumeneko likhudza maiko atatu a Zimbabwe, Zambia ndi Malawi.

Dzina la mudziwu ndi la Cishona. Unamangidwa m'masiku a Rhodesia kuti muzigona anthu ogwira nchito m'nyumba za Azungu a ku Mabelreign ndi ku Marlborough, monga ophika, osamala maluwa ndi olera ana. Ambiri a iwo anali ocokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anabwerera kwao, koma ambiri anachona, nabala ana ndi zidzukulu komweko. Zidzukulu zimenezi ndizo zirikulemba mayeso a ZIMSEC tsopano, ndipo zikakhoza bwino, makolo adzifunsa kuti ndalama zopitira patsogolo zicokera kuti.

Werengani mtengo wonse

Kulakwa koyamba kumene makolo ambiri acita ndiko kuwerenga fizi yokha. Pa kalata yoitana mwana pamalembedwa ndalama za maphunziro, koma pambali pace pali zolembetsera dzina, za mayeso, za cipatala ndi zina zazing'ono zimene zikaphatikizidwa zilemera. Kenaka pali cakudya, zobvala, mabuku, ndi kompyuta pamodzi ndi ndalama za intaneti, pakuti masiku ano aphunzitsi ambiri apereka nchito ndi kuilandira pa njira imeneyo.

Mwana wa ku Dzivarasekwa wophunzira ku Yunivesite ya Zimbabwe, ku Mount Pleasant, ali ndi mwai wogona kwao. Koma kawirikawiri akwera kombi kawiri popita, yoyamba yomtula m'tauni, yaciwiri yomfikitsa ku sukulu, ndi kawirinso pobwera. Werengani maulendo anaiwo masiku onse a caka, ndipo muwalinganize ndi mtengo wa cipinda ca pafupi ndi sukulu. Kumbukiraninso kuti maphunziro ambiri ali ndi caka cokayesera nchito m'makampani, ndipo m'caka cimeneco fizi siilekeka. Werengani zonsezi kufikira caka cotsiriza, cifukwa mwana wolekera pakati ataya ndalama zonse zimene zinalowa kale, ndipo amene atsiriza ali ndi ngongole ya fizi nthawi zambiri salandira kalata yace ya maphunziro kufikira atalipira.

Ku Zimbabwe pali cinanso. Ndalama ya dziko inatha mphamvu mu 2008, ndipo mu 2009 anthu anayamba kugula ndi dola ya America ndi randi. Mu 2019 dola ya Zimbabwe inabweranso, ndipo mu April 2024 panadza ndalama yochedwa ZiG. Cifukwa cace funsani ku ofesi ya ndalama ya pa koleji kuti fizi ilipidwa m'ndalama iti, ndiponso ngati alola kulipira pang'onopang'ono. Yankho lace lilembedwe pa pepala.

Za kale zinasintha

Akuruakuru ena anena kuti boma limalipira zonse. Anena zoona za masiku ao. Koleji ya University College of Rhodesia and Nyasaland, imene iri Yunivesite ya Zimbabwe tsopano, inalandira ophunzira ace oyamba mu 1957, ndipo anali 68 okha a maiko atatu. Malawi inayamba kuphunzitsa pa yunivesite yace mu 1965, Zambia mu 1966. Pokhala ophunzira anali owerengeka, maboma anakhoza kuwalipirira ndi kuwapatsanso ndalama za m'thumba. Ku Zimbabwe mcitidwewu unapitirira ufulu utabwera mu 1980: wophunzira ankalandira gawo lina ngati mphatso, gawo lina ngati ngongole.

Koma ana otsiriza sekondale anacuruka, mayunivesite naonso anaonjezeka, ndipo kuyambira mu 1991, pamene boma linayamba kucepetsa ndalama zimene linali kuononga, katundu anayamba kutsikira pa mapewa a makolo. Mu 2006 panadza njira yochedwa cadetship: boma lilipirira mwana wosauka, iye nalonjeza kugwira nchito m'dziko momwemo atatsiriza. Njirayi inafooka pamene boma linacedwa kupereka ndalamazo ku masukulu. Tsono musakonze za mwana wanu potsata nkhani za malume ace amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1980. Funsani za caka cino, pakuti safunsa anadya phula.

Mitundu itatu ya thandizo

Anthu asokoneza mau awa: basale, sikolashipu, loni. Maina asinthasintha, koma thandizo liri lonse ligwa m'mitundu itatu, ndipo mtundu uli wonse uli ndi cimene ufuna kwa wolandira.

Woyamba ndi mphatso, ndiyo ndalama yosabweza. Ina iperekedwa cifukwa ca nzeru, ina cifukwa ca umphawi, ina cifukwa ca zonse ziwiri. Ku Zimbabwe bungwe la Higherlife Foundation, limene Strive ndi Tsitsi Masiyiwa anayamba mu 1996, lathandiza ana amasiye, ndipo liri ndi sikolashipu ya dzina la Joshua Nkomo ya ana okhoza koposa. CAMFED, imene inayambira ku Zimbabwe mu 1993 ndi kufika pambuyo pace ku Zambia ndi ku Malawi, ithandiza atsikana, makamaka a kumidzi. Sikolashipu ya Pulezidenti, yoyamba mu 1995, inatumiza ana a mabanja osauka ku Fort Hare ku South Africa. Palinso Beit Trust, yocokera m'cuma cimene Alfred Beit anasiya pomwalira mu 1906, imene ithandiza anthu a maiko athu atatu, koma sikolashipu zace n'za amene ali nayo kale digiri yoyamba. Dziwaninso kuti BEAM, thandizo la boma limene linayamba mu 2001, ndi la ana a pulaimale ndi sekondale, ndipo silitsata mwana ku koleji. Mphatso ifuna kuti mwana akhoze caka ndi caka. Akalephera, ingathe kucotsedwa. Ndiponso mphatso zina zilipira fizi yokha, osati mimba ndi pogona.

Waciwiri ndi ngongole. Iyi ibwezedwa, ndipo kawirikawiri ndi ciwongola dzanja. Walira mvula walira matope: musanasaine, funsani mafunso anai. Ciwongola dzanja ndi cotani? Kubweza kuyamba liti, mwana ali pa sukulu kapena atatsiriza? Ibwezedwa m'ndalama iti? Nanga mwana akalephera kubweza, agwidwa ndani? Funso lotsirizali ndilo lalikuru. Mabanki afuna munthu wa pa nchito ya malipiro a pamwezi kuti aimire wophunzira, ndipo wosaina ameneyo ndiye adzadulidwa malipiro. Makolo ambiri a ku Dzivarasekwa apeza ndalama pa msika ndi pa maganyu, ndipo alibe pepala la malipiro loti aonetse. Apo ndi pamene ena athamangira kwa akatapira, napereka nyumba ngati cikole. Musatero. Digiri itenga zaka zinai, katapira afuna zace mwezi ukatha.

Wacitatu ndi thandizo lolipidwa ndi thukuta. Wina akulipirira, iwe numgwirira nchito, kapena uli pa sukulu pomwepo kapena utatsiriza. Cadetship inali ya mtundu umenewu. Mayunivesite ena a boma ayesanso kupatsa ophunzira osauka nchito za pa sukulu kuti malipiro ace alowe ku fizi. Makampani ndi mipingo nayonso nthawi zina icita mapangano otere. Werengani kuti pangano limanga mwana zaka zingati, ndi cimene adzalipira akaliswa.

Khomo lace ndi zikalata

Tsopano tafika pa mfundo imene iposa zonse kwa ana a machona. Mabungwe ambiri sapereka ndalama kwa munthu wosadziwika m'mabuku a boma. Mafomu ambiri afuna kalata ya kubadwa ndi citupa, ndipo thandizo la boma kawirikawiri ndi la nzika za dziko limenelo.

Mu 2001 Zimbabwe inakhwimitsa lamulo la unzika, niifuna kuti munthu amene angawerengedwe nzika ya dziko lina akane unzika umenewo motsata malamulo a dzikolo. Ambiri obadwa kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique sanathe kutero, ndipo zitupa zao zinawasonyeza kuti ndi alendo, ngakhale sanapondepo dziko lina. Kholo lopanda zikalata livutika kulembetsa mwana wace, motero bvutolo litsika mbadwo ndi mbadwo.

Lamulo lalikuru la dziko la 2013 linakonza zina mwa izi. Gawo 43 linena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe lamulolo lisanalengezedwe, amene kholo lace limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye anali kukhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Koma lamulo silisintha citupa ciri m'thumba. Mwini wace ayenera kupita ku ofesi yolembera anthu kukasinthitsa, ndipo nchito imeneyi itenga nthawi, makamaka ngati maina alembedwa mosiyana pa mapepala. Dzina la Phiri kapena la Banda likalembedwa mwina pa kalata ya kubadwa, mwina pa kalata ya mayeso, fomu ingathe kukanidwa. M'mera mpoyamba: konzani zimenezi mwana asanalembe mayeso a Fomu 4, osadikira kalata ya ku koleji.

Kwa mwana wamasiye, sungani makalata a imfa a makolo. Kwa banja losauka, pezani kalata ya mphunzitsi wamkuru, ya mbusa, kapena ya ofesi yoona za umoyo wa anthu. Opereka thandizo sakhulupira misozi, akhulupira pepala.

Nanga kumudzi?

Makolo ena aganiza zotumiza mwana kwao kwa agogo kuti akaphunzire kumeneko. Ku Malawi kuli bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Ku Zambia kuli Higher Education Loans and Scholarships Board, ya lamulo la 2016, imene inalowa m'malo mwa komiti yakale ya mabasale. Mabungwe onse awiri abwereketsa ndalama kwa nzika za maiko ao, nazitolera kwa amene anatsiriza, kuti zithandize ena a pambuyo. Kukhala ndi agogo ku Dedza kapena ku Katete sikukwanira. Mwana ayenera kukhala ndi citupa ca dzikolo. Ndipo kwa inu akumva a ku Malawi ndi ku Zambia amene munabwereka kale, dziwani kuti ndalama imene simunabweze ndi malo a mwana wina.

Pali pangano la maiko a SADC la za maphunziro, la 1997, m'mene anagwirizana kusunga malo asanu pa 100 ali onse a m'mayunivesite ao kwa ophunzira a maiko anzao, ndi kuwalipiritsa ngati ana a dziko lomwelo. Masukulu onse satsata pangano limeneli mofanana, tsono lemberani ku sukulu imene mufuna ndi kufunsa mtengo weniweni.

Njira zina

Yunivesite si khomo lokha. M'Harare momwemo muli Harare Polytechnic, ndi makoleji a aphunzitsi a Belvedere ndi Morgan Zintec, kumene mwana wokhoza maphunziro asanu a Fomu 4, pamodzi ndi Cingelezi, angayese kupempha malo. Maphunziro ambiri afunanso masamu ndi sayansi. Wophunzira nchito ya manja pa kampani alandira kandalama ali kuphunzira, ndipo thumba la ZIMDEF, m'mene olemba nchito asonkha gawo limodzi pa magawo 100 a malipiro a anchito ao, linaikidwa kuti licirikize maphunziro otere. Zimbabwe Open University, yoyamba mu 1999, ilola munthu kuphunzira ali pa nchito. Si manyazi kuyamba ndi dipuloma ndi kudzilipirira digiri pambuyo pace.

Mutu umodzi susenza denga. Mabanja ambiri aphunzitsa mwana posonkherana: wina ali ku Johannesburg, wina ali ku Lilongwe, mai ali m'gulu la mukando, limene ku Malawi ati cipereganyu, ku Zambia cilimba. Koma lonjezo la pa maliro kapena pa ukwati liiwalika msanga. Khalani pansi acibale, mugawane kuti uyu fizi, uyu ulendo, uyu cakudya, ndipo mulembe. Amene ali kutali atumize ndalama ya fizi ku akaunti ya sukulu, ndipo lisiti lisungidwe.

Cenjeraninso ndi anthu amene alonjeza sikolashipu ya kunja pa foni kapena pa WhatsApp, nafuna ndalama kuti akusungireni malo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopereka mphatso yeniyeni sagulitsa malo.

Potsiriza, gwirani mau awa. Konzani zikalata za mwana akali ku sekondale. Werengani mtengo wonse wa zaka zonse. Pemphani ku mabungwe ambiri, ndipo musaphonye tsiku lotsekera, pakuti ambiri alandira mafomu kamodzi kokha pa caka. Pa thandizo liri lonse funsani ngati ndi mphatso, ngongole kapena pangano la nchito, ndipo musasaine cimene simunamve. Mwana nayenso akhalepo pokambirana, cifukwa ngongoleyo kapena panganolo lidzakhala pa dzina lace zaka zambiri.