Legeni Inatsala Kunyumba

Ana athu ambiri amadziwa nkhwazi ya pa mbendera ya dziko lathu, koma kulira kwake sanakumvepo. Ici ndico cinatinyamutsa banja lonse m'mwezi wa Seputembala, kucoka ku Chipata kupita ku Mfuwe, kukaona mbalame m'nkhalango ya South Luangwa. Boma linaika malowa kukhala National Park m'caka ca 1972, ndipo muli mitundu ya mbalame yoposa 400.

Tinaoloka mlatho wa Luangwa m'mamawa, madzi a mtsinje ali ocepa. Pa cigwembe ca m'mphepete mwake tinaona mauna mazanamazana, ndipo mbalame zofiira zodya njuci zinali kulowa ndi kutuluka. Zimadza m'cilimwe kudzakumba mauna otalika kuposa mita imodzi, kuti ana azo akule mtsinje usanadzaze. Tili ciyang'anire, nkhwazi inalira pamwamba pa mtengo, mutu itaupendeketsa kumbuyo.

Mdzukulu wathu, katswiri wa legeni kumudzi, anangoti kukamwa yasa. Pambuyo pake anafunsa monong'ona kuti: "Agogo, nanga ija ya mutu wonga nyundo ndi ciani?" Tinamuuza kuti ndi nanchengwa, tinamuonetsanso cisa cake cacikulu ca timitengo ndi matope.

Makolo anzathu, mwana amene waona mmene mbalame imalelera ana ake sathamangira kuiponya mwala. Ngati ulendo wa ku Mfuwe watikulira, kudambo kwathu konkuno kuli akakowa, njiwa ndi nkhanga. Tikapanda kuwauza ana maina amenewa ife, adzawauza ndani?